Thumba lachikhumi limene silitchulidwa pokolola

Mwezi wa Meyi ukamatha, midzi ya ku Namwera, Ntaja ndi Ulongwe imadzaza ndi fumbi la chimanga. Amayi ayala mikeka pabwalo, ana akutonola mpaka zala kuchita matuza, abambo akusoka matumba ndi chisingano chachikulu. Kumsewu mavenda apachika kale masikelo awo m'mitengo ya mango. Pakhomo paliponse pali kuwerenga: awa ndi akudya, awa ndi a fizi, awa ndi obweza ngongole ya feteleza, ili ndi la ku chigayo mawa.

Pa kuwerengako pali thumba limene kawirikawiri silitchulidwa. Malamulo a Chisilamu amati mlimi akakolola chakudya chofika mlingo woikika, m'munda umene unadalira mvula, thumba limodzi mwa matumba khumi alionse si lake. Eni ake alipo, ndipo nthawi zambiri amatunga madzi pamjigo womwewo.

Imeneyi ndi Zakaat, nsichi yachitatu mwa nsichi zisanu za Chisilamu. Mwana aliyense wa kumadrasa amaziloweza zisanuzo asanakwane zaka khumi. Akakula, zinazo zimaoneka ndi maso: mzikiti umadzaza Lachisanu, mwezi wa Ramadhan nyumba zimayaka moto usiku kukonza daku, ndipo wochokera ku Hajj amachingamiridwa ndi mudzi wonse. Yachitatuyi imachitikira m'thumba ndi m'nkhokwe, mmene diso la mnansi silifika. N'chifukwa chake imazemba mosavuta, ngakhale kwa munthu amene sajomba Swala.

Ambiri anakula akudziwa kuti Zakaat ndi ya eni masitolo akuluakulu a ku Limbe ndi a ku Area 2 mu Lilongwe, amene pamageti awo pamakhala mizere ya anthu m'mwezi wa Ramadhan. Ochuluka mwa amalondawa amaperekadi, ndipo mabanja ambiri amafutulu chifukwa cha iwo. Chovuta n'chakuti Msilamu wa kumudzi akaona mizereyo amadziika yekha kumbali ya olandira, osafunsa ngati malamulo sakumuika kumbali ya opereka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 13.8 pa 100 alionse m'Malawi ndi Asilamu, kutanthauza anthu oposa 2.4 miliyoni. Khamu lotere silingakhale la olandira okhaokha. Muli alimi a mpunga a ku Nkhotakota, a nandolo a ku Machinga, eni makhola, opikula nsomba ku Makawa ndi ku Msaka, aphunzitsi, eni maminibasi, ndi anyamata amene anamanga nyumba zamalata ndi ndalama za ku Joni.

Masamu ake si ovuta. Mlingo woyambira umatchedwa nisaab. Pa zokolola, Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) anauika pa miyeso isanu yotchedwa wasq, imene akatswiri ambiri a masiku ano amaiwerengera pa makilogalamu pafupifupi 653. M'chiyankhulo cha pamsika amenewo ndi matumba 13 a makilogalamu 50, ndi kambale pamwamba. Wokolola matumba khumi alibe mlandu. Wokolola 20 akutulutsa awiri. Wokolola 100 akutulutsa khumi, ndipo 90 otsalawo ndi ake mwamtendere. Amene anathirira mbewu movutikira, ndi pampu yopalasa, injini ya dizilo kapena kheni kudimba, amapereka theka la mlingowo: thumba limodzi pa matumba 20 alionse. Malamulowo anaona thukuta la wothirira n'kumuchepetsera katundu.

Pa zokolola sadikira kuti chaka chithe. Chimanga chikauma, chikatonoledwa n'kupetedwa, nthawi yakwana.

Apa mpamene mlimi amakweza dzanja. Nanga feteleza? Thumba lake lakwera mtengo kwambiri moti ambiri amalowa m'munda ali kale ndi ngongole. Funsoli ndi loona, ndipo silinayambe lero. Akatswiri ambiri akale ankati Zakaat imachotsedwa pa zokolola zonse ndalama zolowa zisanachotsedwe. Ena, kuphatikizapo Yusuf al-Qaradawi amene anamwalira mu 2022, anaona kuti mlimi akhoza kuyamba wachotsa zimene analowetsa pa mbewu ndi zina zotero. Mlimi wa ku Ntaja ali ndi ufulu wokhala pansi ndi shehe wake n'kumva njira yotsata. Koma kusiyana maganizo kwa akatswiri kuli pa kuchuluka kwa matumba otuluka. Palibe mmodzi mwa iwo amene ananena kuti nkhokwe yodzadza ingotsekedwa.

Asilamu ambiri a m'Malawi amatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene chinabwera ndi Chisilamu kuchokera kugombe la nyanja yamchere, kudzera mwa a Jumbe ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 ndi mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mponda. M'chiphunzitso chimenechi Zakaat ya zokolola imagwa pa chakudya chodalirika chimene chimasungika: chimanga, mpunga, mapira, nyemba ndi zina za mtundu umenewo. Thonje, tomato ndi masamba sizilowa m'gulu limeneli, ngakhale Imam Abu Hanifa anaziwerengera pafupifupi zonse zotuluka m'nthaka. Komabe wolima tomato asapume msanga. Ndalama imene wapeza ikakhala n'kufika mlingo, imagwidwa ndi lamulo lina.

Khola nalo lili ndi mawerengedwe ake. Mbuzi kapena nkhosa zikakwana 40, zodya zokha kubusa, n'kutha chaka, imodzi imatuluka. Zikafika 121 zimatuluka ziwiri. Ng'ombe zimayambira pa 30, pamene limatuluka thole la chaka chimodzi, ndipo pa 40 imatuluka yaikazi ya zaka ziwiri. Ng'ombe zangolo ndi zolimira siziwerengedwa.

Pa ndalama ndi malonda, mlingo ndi 2.5 pa 100, kapena kuti K25 pa K1,000 iliyonse. Nisaab yake ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo mabungwe ambiri amalimbikitsa mlingo wa siliva chifukwa ndi wotsika, umalowetsa opereka ambiri n'kupindulira osauka. Chumacho chiyenera kukhala m'manja mwa mwini wake chaka chathunthu cha mwezi, masiku 354. Ndalama ya ku banki, ya mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, ya pansi pa matiresi, yonse imawerengedwa pamodzi. Wamalonda amaonjezerapo katundu wogulitsa: mabelo a kaunjika, matumba a usipa, simenti ya m'shopu. Nyumba yogonamo, njinga yamoto yoyendera, bwato ndi ukonde, ngakhale minibasi yeniyeniyo, siziwerengedwa chifukwa ndi zida zogwirira ntchito. Chowerengedwa ndi phindu limene zabweretsa likasungidwa. Wamalonda amene ndalama ndi katundu wake zakwana K10 miliyoni, atadutsa nisaab, amatulutsa K250,000.

Pali msampha umodzi umene kugwa kwa kwacha kwautchera. Mu Novembala 2023 ndalamayi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo mitengo ya katundu m'mashelefu inasintha usiku umodzi. Katundu wa malonda amawerengedwa pa mtengo wa tsiku lowerengeralo. Wogwiritsa ntchito mtengo umene anaodera miyezi isanu ndi itatu yapitayo amakhala atadula gawo la wosauka mosazindikira.

Kodi bwanji chipembedzo chinalowa mpaka m'khola ndi m'kabuku ka m'shopu? Mbiri imayankha bwino. Zakaat inakhazikitsidwa monga lamulo m'chaka chachiwiri Mtumiki atasamukira ku Madinah. Chakumapeto kwa moyo wake anatuma Mu'adh ibn Jabal ku Yemen, n'kumuuza dongosolo lophunzitsira anthu akumeneko: ayambe ndi umodzi wa Allah, kenako Swala zisanu, kenako chopereka chotengedwa kwa olemera awo n'kubwezedwa kwa osauka awo omwe. Anamuchenjezanso kuti asamasankhe chiweto chonenepa koposa m'khola la munthu. Malangizowo ali ndi mbali ziwiri zimene zikugwirabe ntchito ku Mangochi lero: chuma chizungulire kumene chachokera, ndipo wopereka asaponderezedwe.

Mtumiki atamwalira mu 632, mafuko ena a Arabia anati apitiriza kuswali koma Zakaat asiya. Abu Bakr, amene anali atangotenga utsogoleri, anakana kulekanitsa ziwirizo, ndipo anakonzeka kumenyana nawo. Umar ibn al-Khattab, munthu wodziwika ndi kulimba mtima, poyamba anakayika ngati n'koyenera kumenyana ndi anthu otchula Shahada. Abu Bakr anaima nji, nati ngakhale chingwe chomangira ngamira chimene ankapereka kwa Mtumiki sachilekerera. Umar anadzavomereza kuti mnzakeyo analondola. Nkhaniyi imakambidwa m'makhutuba kawirikawiri, ndipo tanthauzo lake kwa omvera ndi lolemera: m'badwo woyamba wa Asilamu sunaione Zakaat ngati chifundo cha munthu akadzuka bwino. Unaiona ngati ngongole.

Mawu akuti ngongole ndi ofunika kuno kwathu chifukwa cha mawu ena amene amasokoneza, akuti sadaka. Asilamu a m'Malawi si anthu ouma manja. Pa sadaka ya malemu mbuzi zimagwa, mpunga umaphikidwa m'mapoto aakulu, ndipo wodutsa m'njira amaitanidwa. Pa ziyala, paukwati, pomanga mzikiti, anthu amasonkha mosanyinyirika. Zonsezo zili ndi malo ake ndi malipiro ake. Koma munthu amene wadyetsa mudzi wonse pa sadaka ya bambo ake sanachotse Zakaat. Pa sadaka amadya aliyense, mfumu ndi mwini golosale omwe. Zakaat ili ndi mlingo wake, nthawi yake, cholinga chimene wopereka amaika mumtima, ndi anthu ake amene Qur'an inawatchula.

Anthuwo ali m'magulu asanu ndi atatu, mu Surah At-Tawbah, ndime 60. Oyamba ndi osaukitsitsa ndi osowa. Pali ogwira ntchito yotolera ndi kugawa Zakaat, ofunika kulimbitsidwa mitima pa Chisilamu, akapolo ofuna kuomboledwa, omira m'ngongole, a pa njira ya Allah, ndi wapaulendo amene zamuthera kutali ndi kwawo. Gulu la angongole likadatchulidwa mokweza m'mizikiti ya m'Malawi, mabanja ambiri akadapuma. Amene anakongola kuti agule mankhwala a mwana kapena aike maliro, n'kugwa m'manja mwa wakatapila amene amachulukitsa ngongole mwezi ndi mwezi, ndi mwini Zakaat weniweni, ngakhale atavala malaya oyera Lachisanu.

Mzikiti sumangidwa ndi Zakaat, malinga ndi akatswiri ochuluka. Njerwa ndi malata zimafuna chopereka china.

Nkhani ya achibale ndiyo imadabwitsa ambiri. Munthu sangapereke Zakaat kwa makolo ake, ana ake kapena mkazi wake, chifukwa kuwasamala ndi udindo wake kale. Koma mchemwali wamasiye, mchimwene amene ntchito inamuthera, azakhali okalamba, ana a mlongo, onsewa akhoza kulandira ngati ali osowa, ndipo chiphunzitso chimati wopereka kwa wachibale amapeza malipiro awiri, a chopereka ndi a kulumikiza chibale. M'midzi ya Ayao ndi Achewa, kumene mwinimbumba amayang'anira alongo ake ndi ana awo, lamuloli likugwa pamalo okonzeka kale. Malume amene akuvutika maganizo ndi mphwake wosowa chakudya akhoza kupeza kuti yankho lili m'matumba awiri amene anayenera kutuluka m'nkhokwe yake kuyambira Juni.

N'chimodzimodzi ndi a ku Joni. Mnyamata wa ku Mangochi wogwira ntchito m'shopu ku Johannesburg kapena ku Durban amatumiza ndalama kwa mayi ake mwezi uliwonse, ndipo amachita bwino. Imeneyo ndi ntchito ya mwana kwa kholo. Ndalama imene akusunga kuti adzagule galimoto kapena malo, ikafika nisaab n'kutha chaka, ili ndi gawo lake la 2.5 pa 100 loyembekezera eni ake.

Pali funso lina limene opereka salifunsa mokwanira: wosauka apatsidwe zochuluka bwanji? Chizolowezi ndi kumwaza, K2,000 uyu, K2,000 uyo, kuti mzere wonse ubwerere ndi kanthu. Mawa lake onse ali pomwe anali. Imam al-Nawawi, katswiri wamkulu wa chiphunzitso cha Shafi'i amene anamwalira mu 1277, analemba kuti mmisiri wosauka apatsidwe zokwanira kugula zida za ntchito yake, ndipo wamalonda apatsidwe mpamba woyambira. Pa maganizo amenewa, K250,000 ya wamalonda uja ikhoza kupita kwa munthu mmodzi, n'kukhala makina osokera kapena zida za ukalipentala. Bungwe la Islamic Zakaat Fund, limene lakhala likugwira ntchito m'Malawi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, linasankha njira yofanana ndi imeneyi poika mphamvu pa kulipirira ophunzira osowa sukulu. Izi zili ndi kulemera kwake m'dziko limene makolo ambiri Achisilamu, m'nthawi ya atsamunda, ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo, ndipo maboma awo anatsalira pa maphunziro kwa mibadwo.

Chimene chimabweza manja a anthu ambiri ndi kukayika. Ndikapereka, zikafikadi? Kukayikako sikuyenera kunyozedwa, pakuti ngakhale m'nthawi ya Mtumiki nkhani yotere inabuka. Munthu wina wotchedwa Ibn al-Lutbiyyah anatumidwa kukatolera Zakaat, ndipo pobwera anapatula katundu wina nati ameneyo anapatsidwa ngati mphatso yake. Mtumiki anakwera pa mimbari n'kudzudzula mchitidwewo pagulu, akufunsa ngati mphatsozo zikadamupeza munthuyo atakhala m'nyumba ya makolo ake. Nkhani inanso imati mdzukulu wa Mtumiki, Hasan, ali kamwana, anatola tende imodzi pa mulu wa zopereka n'kuiponya m'kamwa, ndipo agogo akewo anamulavulitsa. Banja la Mtumiki silinkaloledwa kudya chopereka. Wotolera Zakaat aliyense, kuyambira wa bungwe lalikulu mpaka wa komiti ya mzikiti wa kumudzi, amayezedwa ndi muyeso umenewo.

Maiko ena anayesa njira zosiyanasiyana. Pakistan inakhazikitsa lamulo mu 1980 lodula Zakaat m'maakaunti ena a ku banki. Ku Malaysia imatoleredwa ndi nthambi za chipembedzo za m'zigawo, ndipo wopereka amachotseredwa pa msonkho wa boma. Indonesia ili ndi bungwe la boma la BAZNAS kuyambira 2001. Kumene Asilamu ndi ochepa, monga kuno, ntchitoyi imagwiridwa ndi mabungwe odziimira: SANZAF ku South Africa kuyambira 1974, National Zakat Foundation ku Britain kuyambira 2011. Chimene chimawapezera opereka ndi chimodzi, kuonetsa poyera zimene zalowa ndi kumene zapita.

Mzikiti wa kumudzi sufunika kompyuta kuti uchite zomwezo. Zofunika ndi kope limodzi, anthu atatu odalirika kuphatikizapo mayi amene amadziwa makomo ogona ndi njala, ndi kulengeza Lachisanu kuti matumba alowa angati ndipo atuluka angati, osatchula maina a olandira. Ndipo amene sakhulupirira komiti iliyonse sanamasulidwe. Malamulo amamulola kusenza yekha thumbalo madzulo n'kukalitula pakhomo la woyenera.

Zaka zapitazi zaonetsa kukula kwa dzenje lofunika kukwiriridwa. Namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Patangotha chaka, mu Malichi 2024, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Thandizo la boma ndi la mabungwe akunja limabwera, koma limadutsa m'makalata, m'misonkhano ndi m'misewu yoduka. Thumba la mnansi limayenda pa njinga mphindi khumi. Ndipo ngakhale m'chaka choipa, m'mudzi simulephera kukhala wina amene munda wake wa kudambo unachita bwino.

Kalendala nayo ikusintha zinthu. Ramadhan imabwerera m'mbuyo masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse. Mu 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, ndipo zaka zotsatira ikulowa mu Febuluwale ndi Januwale, miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitagonekedwa ndipo chimanga chili pa mtengo wokwera koposa. Amene anazolowera kutulutsa Zakaat ya ndalama m'mwezi wosala adzapeza kuti ikufika pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Zakaatul Fitr nayo idzalemera tanthauzo. Imeneyi ndi ina, ya pamutu: munthu aliyense wa m'nyumba, ngakhale khanda, amaperekeredwa muyeso wa makilogalamu awiri ndi theka kufika atatu a chakudya chodalirika, Swala ya Eid isanayambe. Banja la anthu asanu ndi awiri limatulutsa pafupifupi ndowa imodzi. Ambiri amaipereka mokhulupirika, ndipo ena amaganiza kuti ndi ndowa imeneyo nkhani ya Zakaat yatha chaka chimenecho. Ya nkhokwe, ya khola ndi ya shopu imakhala ikudikirabe.

Phindu la matumba awiri aja limaoneka bwino mu Disembala. Banja likatha chakudya nthawi ya dzinja, mayi amasiya munda wake n'kupita kukapalira wa wina kuti apeze kambale ka ufa kapena madeya. Masiku amene ali paganyu ndi omwewo amene udzu ukumeza chimanga chake, ndipo pofika Epulo amakolola zochepa kuposa chaka chatha. Njala ya chaka chamawa imabzalidwa m'masabata amenewo. Thandizo la chakudya la m'nyengo ya njala kawirikawiri limawerengera thumba limodzi la makilogalamu 50 pa banja pamwezi. Matumba awiri ochokera kwa mlimi wokolola 20, akafika pakhomo la mayi wamasiye n'kuthiridwa mankhwala a anankafumbwe, ndi miyezi iwiri ya nsima. Mayiyo akawasunga mpaka mvula itagwa, Disembala ndi Januwale amamupeza ali ndi khasu m'munda mwake, akupalira ndi kubandira mizere yake.